Kaudzu ka m'dziwe la a Ackroyd

Ku Huddersfield, kuseri kwa nyumba yoda ndi utsi wakale,
kuli kadziwe kosaposa mphasa ziwiri.
A Ackroyd akuti anakakumba okha
chaka chomwe akazi awo anali oyembekezera.
Lero miyendo inawakana.
Ndimafika seveni koloko, kuwasambitsa, kuwamwetsa mapiritsi anayi,
kenako amaloza pawindo ndi chibwano:
kandionere ana anga.

Si ana ayi, ndi kaudzu.
Timasamba tonenepa, tating'ono ngati mpunga,
tiwiritiwiri pa kaphesi kofiirira;
ukatifinya timalira madzi pachala.
Mizu m'matope, chiuno m'madzi, mutu pamphepo,
osasankha kwawo.
M'chilimwe chawo chosachedwa kuthachi
kamachita maluwa oyera
oti uchite kugwada kuti uwaone.

Anandiphunzitsa ali pa njinga yawo, bulangete m'maondo:
usathire feteleza, kamakhuta kuwala.
Madzi a pampopi agone kaye mu ndowa.
Podula, yala nsalu pansi,
pakuti kachidutswa kamodzi kakangogwera mu ngalande
mawa mtsinje wonse ndi wake.
Zodulazo ziume gwa pasimenti, uzimange m'thumba lakuda.

Ndinakumbuka namasupuni ku Liwonde,
amalume anga a Chimtengo akumukoka ndi ngowe
uku akumutukwana ngati munthu.
Nayenso, ankatero, anabwera ngati duwa.

Loweruka lina mwana wawo Gillian anabwera ndi pepala.
Kaudzuka nkoletsedwa kugulitsa, anawerenga mokweza,
kanachokera kutali, kamachulukana msanga,
kamalanda malo a zomera za kuno,
kamaphimba madzi mpaka achule kusowa mpweya.
Ine ndinali kupukuta makapu.
Sananame, ndinaziona ndekha zala zanga zitakodwa m'menemo.
Koma mawu amenewo ndinawamvapo m'basi ya ku Dewsbury,
ndipo sankanena za udzu.

Disembala, dziwe linauma ngati mbale yadothi.
Ndinagogoda ndi supuni, ndinasuzumira:
pansi pa madzi oundanawo
kali biriwiri, kopanda nazo ntchito.

Nkhalamba itasiya kufika pawindo
ndinatsuka thanki yagalasi yomwe inali m'galaja,
mchenga pansi, tinsomba titatu,
nyale yoyaka maola asanu ndi atatu.
Ndinabzala timaphesi tisanu ndi chopanira nsidze.
M'madzi akuya kamasintha thupi:
kamaonda, kamatalika, masamba kutalikirana,
ngati munthu woimirira ndi zala kuti aone kunja kwa mpanda.
Iwo ankawerenga masamba atsopano,
kusokoneza, kuyambiranso,
kundiitana dzina la akazi awo.
Ndinkayankha.

Anapita Lachitatu, ine ndili ku nyumba ina
ndikumeta ndevu za bambo wina.

Nyumba ikugulitsidwa.
Anyamata awiri avindikira dziwe ndi pulasitiki yakuda,
njerwa m'mbali monse;
akuti miyezi isanu ndi umodzi yamdima, mwina kadzagonja.
Sindinatsutse. Ndinawagwirira ngodya imodzi.

Thanki ija Gillian anati tengani, Ndaziona,
ine ndilibe poiika.
Ndinakwera nayo masitepe makumi atatu, madzi akukhavukira pamalaya.
Tsopano ili pakati pa bedi ndi ketulo.
Lamlungu ndimadula, ndimayala nsalu,
ndimayanika zidutswa mu envulopu pa chotenthetsera m'nyumba,
palibe ngakhale kamodzi kamene kadzaone ngalande.
Madzi akuda ndimasefa ndi sokosi.
Kansomba kamodzi kanafa, tatsala atatu ndi ineyo.

Chitupa changa chikutha mu Malichi.
Kalata sinabwere.
M'mawa uno, ndisanayatse nyale,
ndaona kansonga kamodzi katabowola madzi,
kayamba kale kunenepa masamba
ngati kamva kuti kumtunda kuli malo.
Lumo ndinali nalo m'manja.
Basi inali pafupi kundisiya.