Limu la Zuze

Zuze anabwera nalo m'mawa, dzuwa lisanakwiye,
atalikoleka paphewa.
Akuti analitola pa kaunjika wa njinga ku Limbe,
pansi pa mulu wa mafoloko ndi zishalo zong'ambika.
Limu lakuda bii, losanyezimira.
Nditalinyamula dzanja linandithawira m'mwamba
ngati wanyamula ndowa imene umayesa muli madzi.

Ndinati, Zuze, wagula chipanda.
Iye amvekere, ndi kaboni uyu achimwene,
eni ake amatsika naye mapiri.
Ndinati, kuno ndi ku Bangula, phiri lake liti?
Kuno kuli makande, kuli minga ya mthethe,
kuli amayi a kuchigayo ndi matumba awo awiri.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pansi pa msawu uno,
ndipo chitsulo ndimachidziwa.
Chikadwala chimanena.
Chimayamba kuvina, chimakhula mabuleki,
chimatuluka dzimbiri ngati zipere.
Ndimachigoneka pa chitsa,
hamala katatu, sipoko ndi sipoko,
mwini wake n'kukwera, n'kundiiwala mwezi wathunthu.

Ili ndinalimanga ndikutukwana chamumtima.
Tinapangana: likafika Khirisimasi lili moyo
ndimugulira nkhuku.

Okutobala anabwera, phula n'kumamata kumapazi,
machubu akuphulika okha pamthunzi.
Limu lili zii.
Linanyamula thonje kupita ku Ngabu,
linanyamula mbuzi yomangidwa miyendo,
linanyamula Esinta ndi mimba yake usiku
mpaka pakhomo la chipatala.
Nkhuku ndinagula. Yaikazi, yamawangamawanga.
Anadya osandisiyira ngakhale chiphalapaso.

Madzi atasefukira, njinga zinagona m'matope sabata ziwiri.
Malimu onse anabwera kwa ine ali ofiira,
masipoko akuthothoka ngati mano a nkhalamba.
La Zuze analitsuka pa mjigo
n'kutuluka ngati lagulidwa dzulo.
Ndinayamba kulipatsa ulemu,
ndikamalipopa ndinkachotsa chipewa.

Ndiye Lachinayi lina, pa Thangadzi,
potsetsereka paja simenti inadyeka,
mwala umodzi, wochepa ngati dzira la nkhanga.
Akuti anangomva kuti thee,
ngati wina waponda kamtengo kouma.
Sanagwe. Anafika kuno akupalasa, akuimba mluzu.

Ndinalizunguza. Lowongoka ngati kale.
Ndinatenga kobiri n'kumagogoda pozungulira:
ngwe, ngwe, ngwe, ngwe,
kenako phu.
Pamenepo, pafupi ndi valavu,
kamzere kochepa kuposa tsitsi.

Hamala ili pambali panga.
Dzanja linapita lokha, n'kuima panjira.
Umenya chiyani?
Mulibe chopindika choti uwongole.
Muli ulusi wokhawokha, wolukidwa, womatidwa,
ndipo wina waduka mkati momwe diso silifika.

Malume anga Alufandika anali otero.
Zaka zonse akudula nzimbe ku Nchalo
sitinawamvepo akuti mutu, akuti msana.
Anzawo ankatsokomola, ankajomba, ankapita kukabayitsa,
ndipo ena mpaka lero akusewera bawo pa sitolo.
Iwo anakhala pansi tsiku limodzi kuti amange nsapato.

Ndinati, Zuze, litsike.
Iye akuti likadali bwino, taonani, silikuvina.
Ndinati, n'chifukwa chake.
Anayang'ana kumsewu, kunali kasitomala ndi jerikani,
anayang'ana limu, anayang'ana ine,
n'kufunsa kuti lachitsulo ndimugulitsa zingati.

Tsopano njinga yake yalemera, akudandaula tsiku lililonse.
Loweruka lililonse amabwera, ine hamala katatu.
Lakuda lija ndalikoleka pa nthambi ya msawu.
Mphepo ya kummwera ikawomba limazungulira lokha,
lowongokabe,
ndipo ana a sukulu amandifunsa mtengo wake.