Nkhoswe ya Nkhalamba

Zaka makumi atatu chikhalireni pakona paja,
kuseri kwa sikelo ya thonje, pamsewu wa ku Lundazi,
ikung'ung'udza ngati mphaka wokhuta.
Ife timangoti Nkhalamba.
Galasi lakuda, zilembo zobiriwira,
ndipo chilankhulo chake m'Chipata muno ndatsala nacho ndekha:
dzina m'danga lake, nambala m'danga lake,
ukalumpha danga limodzi
imakuyang'ana duu.

Lolemba kunafika Zelesi Miti pa basi ya usiku,
laputopu m'chikwama, fumbi la ku Nyimba m'tsitsi.
Akuti maina a alimi sakhalanso kuno,
asamukira kunkhokwe ina.
Ndinati kuti? Analoza kudenga.
Kumeneko kuli manambala a foni, ngongole za mbewu ndi mankhwala,
kuno kwatsala makilo okha.
Ndipo Lachisanu anthu alandire.

Mwanawe, ndinatero,
iyi sinapalepo moto kwa mnansi.
Zake zonse imasunga m'mimba.
Iye n'kuseka: ndiye tiifunire nkhoswe.

Tinaika kapulogalamu pakati,
konga anyamata a pa Mwami aja,
kwacha ya kuno dzanja ili, ya tsidya dzanja linalo,
pakamwa pakuyenda zinenero ziwiri.

Odi woyamba: zii.
Masekondi makumi atatu, Nkhalamba n'kubwerera yokha.
Mawu achinsinsi inawanena mokuwa, m'zilembo zazikulu zokhazokha,
pomwe eni khomo amafuna zina zonong'oneza.
Odi wachiwiri, magetsi phethi.
Jenereta inakhosomola kanayi.
Tinadya mtedza wokazinga wa ku Kapata mumdima,
Zelesi akuwunika waya ndi foni.

Wachitatu analowa.
Koma zimene anabwera nazo!
Tsiku lagona chozondoka, chaka kutsogolo, mwezi pakati.
Dzina la mudzi wina, lalitali ngati msewu wa ku Mfuwe,
laduka mchira pa chilembo cha makumi awiri.
Mai Dailesi Mbeŵe asanduka Mbe?e,
kachipewa ka pa ŵ kagwera mu Luangwa powoloka,
ndipo makina akufunsa mai amene ndawalipira zaka khumi ndi zinayi
kuti kodi ndinu yani.

Chinatigoneka maso ndi ichi:
kunkhokwe uko kuli malo ena olembedwa kuti palibe.
Osati ziro. Osati danga. Palibe basi.
Nkhalamba imadziwa ziro, imadziwa danga,
za palibe sinamvepo.
Ndinaiphunzitsa monga ndinaphunzirira ine
chaka chimene a Potifala Shanzi anasiya mpando uno:
kuti munthu amene alibe ngongole
ndi wina,
amene sitidziwa za ngongole yake
ndi winanso.

Folo koloko m'mawa, agalu a ku Mchini atatopa,
mzere unatsika wathunthu.
Dailesi Mbeŵe, Chiparamba,
makilo mazana anayi ndi khumi ndi awiri,
ngongole yachotsedwa, yotsala iyi.
Kachipewa kali pamutu.
Zelesi anati tsindikani, a Yotamu.
Chala changa chinaima m'malere:
ukatsindika ndiye wamanga mfundo mbali zonse ziwiri,
ikapanda kugwira uko, kunonso imasuke,
pasakhale wolandira kawiri, pasakhale wobwerera manja lende.

Ndinatsindika.

Kunja njinga zinali zitayamba kulira mabelu,
Kanjala akutuluka m'nkhungu.
Pamwamba pa pulogalamuyo pali mizere imene makina sawerenga,
yathu anthu:
P.S., 1994. Y.D., 2003.
Ndinalembapo tsiku la lero.
Mtsikana uja anakoka mpando, nsapato atavula kale,
nati, danga lachisanu ndi chimodzili,
n'chifukwa chiyani mumayambira pamenepo?

Ndinamusunthira kiyibodi.
Nkhalamba inapitiriza kung'ung'udza,
osadziwa kuti usiku uno yakwatiwa.