Khala la Pansi pa Nthiti

Usiku wa Okutobala ku Nchalo sugona,
umangotembenuka ngati ine pamkeka.
Udzudzu ukulira kunja kwa neti,
phulusa la nzimbe zotenthedwa madzulo
likutsikabe pamalata mwakachetechete,
ndipo pano, pansi pa bele lakumanzere,
wina wandisiyira khala lamoto.

Ndikaligusa ndi chala, limayankha.
Ndikakoka mpweya wambiri, limaluma.
Ndikafuna kudzutsa Nsayi, mkazi wanga,
limati: musiye, yamba wawerenga.

Ndiye ndikuwerenga.

Mwina ndi chikwanje.
Dzanja lomwelo, phewa lomwelo,
kuyambira tambala asanalire
mpaka dzuwa litaphika chitsulo.
Mwina ndi tsabola wa pa mlamba wouma uja
ndinadya choimirira n'kugona pomwepo;
chilungulira chimadziwa njira yokwerera kukhosi.
Mwina utsi.
Mwina njinga, pamene inandigwetsa pangalande
chogwirira n'kundisinja pachifuwa.
Kapena mashingozi, monga anachitira Alufandika,
amene anapsa masiku atatu khungu lili losalala,
matuza n'kudzatuluka pambuyo ngati mkanda.

Koma pali mwina wina
amene ndikumulambalala ngati dziwe la ng'ona.

Mkulu wanga Zuze anatsika basi ya ku Joni,
masiku awiri mawondo ali chipindire,
katumba wakumanja atatupa, akutentha ngati mbatata yootcha.
Tinati n'kutopa. Tinamuthowa ndi madzi ofunda.
Lachinayi anati mpweya wachepa m'nyumba muno,
tsegulani zenera. Zenera linali lotsegula.
Loweruka nsapato zake zatsopano zinalibe mwini.
Anatiuza kuti magazi anaundana m'mwendo,
chibuluma chinayenda ndi mtsempha
n'kukatseka m'mapapo,
monga namasupuni amatsekera pakamwa pa pampu
munda wonse n'kufota madzi ali pompo.

Ndiye ndikufinya katumba wanga mumdima,
uyu, kenako uyu, kenako uyu kachiwiri.

Nsayi sanagone ayi.
Kusanache anati, vala malaya,
mmodzi tinamuthowa kale, zakwana.
Anapalasa ndi iye, ine kumbuyo ngati thumba la thonje.

Kuchipatala mtsikana wa jasi loyera,
msinkhu wa mwana wanga woyamba,
anandipana chala ndi kachipangizo kothwanima,
anamvetsera msana wanga ngati khoma la anansi,
anayeza akatumba onse awiri ndi tepi ya telala.
Mukubanika? Ayi. Mwatsokomola magazi? Ayi.
Mwayenda ulendo wautali, mwagona pabedi masiku ambiri?
Ndinaseka. Bedi la masiku ambiri ndilipeza kuti?
Kenako chala chake chinapeza khala lija,
ndinalumpha, ndinatchula dzina la amayi anga.

Anati, zikuoneka kuti patupa apa,
pamene nthiti imalumikizana ndi fupa la pachifuwa.
Imwani awa, chikwanje chipume sabata.
Koma mwachita bwino kubwera, chifuwa sachiombezera pakhomo.
Mpweya ukachepa, mtima ukathamanga mutangokhala,
mwendo umodzi ukatupa, thukuta lozizira likabwera,
musadikire kuti kuche.

Tinabwerera dzuwa lili paliwombo,
mathirakitala akukoka nzimbe zodula anzanga.
Sabata yopanda chikwanje
kapitawo amaiwerenga mwa njira yake,
ndipo ngongole ya pagolosale sidziwa nthiti.

Chikwanje chili pakhoma, chikundiyang'ana.
Khala lazirala pang'ono, latsala phulusa lofunda.
Komabe usiku dzanja limatsika lokha
kukafunsa katumba.
Ndipo ndimaganiza za zenera lija, Zuze,
momwe tinalikankhira, tonse atatu,
kufuna kulitsegula kuposa pamene linathera.