Zilembo Zinayi

Sabata ino, ku nyumba ya okalamba ku Anstruther,
bambo aiwala dzina langa kawiri,
koma nyuzipepala saiiwala.
Pensulo m'manja, tsamba la timabokosi pabondo:
"Chakumutu kwa bwato. Zilembo zinayi."
Sanakande n'komwe kumutu. *Fore*, analemba,
dzanja lomwe linakoka maukonde zaka makumi anayi
likunjenjemera pachilembo choyamba,
n'kudzalimba pachomaliza.

Usiku ndinatsitsa dikishonale ija yonunkha fumbi.
Kaliwu aka n'kakale kuposa miyala ya doko lathu.
Kanawoloka nyanja m'kamwa mwa opalasa,
ndipo abale ake anatsala tsidya lija:
Mjeremani amati *vor*, Mdatchi amakoka pang'ono, *voor*.
Sikakonda kuyenda kokha.
Kamamatirira pa mawu ena ngati ndere pamwala:
kakamata pa mutu, kabala chipumi,
pa munthu, watuluka kapitawo,
pa chala, mkombaphala.
Ngakhale wolosera mphepo pa wailesi,
uja bambo ankamutukwana m'bandakucha uliwonse,
ntchito yake imayambira pa zilembo zomwezi.

Kuseri kwa mpanda, pabwalo la gofu,
njonda ya kapusi yofiira imakuwa liwu lomweli.
Kumeneko likutanthauza kuti
wakutsogolo iwe, werama, kampira kakubwera!
Kumene anakutola kukuwa kumeneku
ophunzira mpaka lero sanamvane.

Chimene chinandisowetsa tulo chili m'munsi mwa tsamba.
Kaliwuka kakamata pa atate
kamabala makolo amakedzana.
Ine ndinkayesa akufa timawasiya m'mbuyo
ngati thovu la injini.
Chingerezi changa chomwechi, chimene ndaphunzitsa ana zaka zonsezi,
chikuti ayi, ali kumutu kwa bwato,
ndiwo amayamba kulawa funde,
ife tikungoponda m'mapazi mwawo, tili kuchiwongolero.

Lamlungu ndinawakankha pa njinga yawo mpaka kudoko,
iwo patsogolo, ine pambuyo,
maso anga pa dazi lawo ndi kolala yopindika.
Mphepo inkanunkha mchere ndi dizilo.
Mwadzidzidzi anatukula mkombaphala.
"Si Alasdair uyo?"
Alasdair, mng'ono wawo,
nyanja inamutenga ine ndisanamere mano.

Ndinayang'ana kumene ankalozako.
Madzi otuwa, mbalame ziwiri, chingwe chakutha pa chitsulo.

"Kankhani msanga, mayi," anatero osatembenuka,
"atisiya."

Ndinakankha.