Waya Wachitatu

Magetsi athima ku Kalingalinga kuyambira masana.
Laputopu yatsala ndi mpweya wa ola limodzi,
ine ndikukoka mawaya pagalasi
ngati munthu wanula zovala mvula itayamba kudontha.

Ntchitoyi ndi ya a Njobvu:
thanki pamwamba pa zitsulo, chitsime kuseri,
mabanja khumi ndi anayi a lendi.
Akufuna pampu izidziwa yokha
nthawi yolira ndi nthawi yokhala chete.

Kuno sitilemba mizere ya mawu.
Timayala timabokosi, n'kutilumikiza.
Nambala imatuluka m'kamwa mwa aka
n'kulowa m'khutu la ako,
kutsetsereka ngati madzi m'ngalande mwezi wa Januwale.
Pakati ndinaika bokosi lofunsa.
Moyo wake wonse lili ndi funso limodzi:
kodi thanki yadzadza?
Likamva inde, uthenga ukhotere kumanja, pampu igone.
Likamva ayi, kumanzere, pampu idzuke.
Njira yosasankhidwayo imangoti zii,
waya wake wotuwa, wosadandaula.

Ndinayesa Lachiwiri, zinayenda.
A Njobvu anandipatsa theka la ndalama,
theka linalo akuti pakutha pa mwezi.

Loweruka tambala asanalire
Tilabilenji wa chipinda chakumapeto anaimba foni:
madzi asefukira, alowa kunsi kwa chitseko,
makope a mwana afufuma ngati buledi.
Khoswe anatafuna kachingwe ka choyezera madzi.
Bokosi langa silinamve inde,
silinamve ayi.
Linadikira.
Ndiwo mwambo wake:
silitsegula pakamwa mpaka zonse zitafika pakhomo.
Ndipo pampu, imene inauzidwa komaliza kuti dzuka,
inamvera usiku wonse.

Ndinakolopa nawo, osayankhula.

Tsono usiku uno ndikuyang'ana mphanda ija
ndipo ndikuona amayi ku Mtendere.
Khumbize, mchimwene wanga, anakwera basi ya ku Solwezi
zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Mawu ake omaliza: ndibwera pa Khirisimasi, musakhome geti.
Akanabwera, tikanadziwa chochita.
Ukanabwera uthenga wa maliro, tikanadziwanso,
mahema amabwerekedwa, nyimbo zake zilipo.
Koma waya uja suneneratu kanthu.
Amayi sakhoma geti.
Akuba analowa kawiri,
anatenga wailesi, anatenga mbaula,
geti likadali lotsekedwa ndi mwala wokha.

Ndakoka bokosi lina, lowerenga nthawi,
ndalilumikiza pambali pa lofunsa lija.
Waya wachitatu:
ukapanda kumva kanthu kwa mphindi zakutizakuti,
usadikirenso, zimitsa pampu,
imba foni ya a Njobvu, adzuke okha.
Kabowo kolembamo nambala kakuphethira.
Ndalemba khumi.
Chala sichinanjenjemere n'komwe.

Panja minibasi yomaliza ikuitanira anthu a m'tauni,
wina akukazinga chinangwa pafupi ndi shopu ya owotcherera zitsulo,
jenereta ya kwa aneba yatsokomola, yaleka.

Ndikudula waya wa choyezera dala, kuti ndione.
Mphindi imodzi. Zitatu.
Kabokosi kakuwerenga mwakachetechete
ngati namwino wogwira mkono wa wodwala.
Pa khumi waya wotuwa uja wayaka,
pampu ya pagalasi yagona.
Zatheka. Tilabilenji agona pouma.

Mawa ndi Lamulungu, ndipita ku Mtendere
ndi shuga ndi sopo.
Loko ndinagula chaka chatha, ali m'chikwama,
makiyi ake awiri akadali pa kawaya ka kusitolo.
Ndidzakankha geti, mwala udzagubuduka,
amayi adzatukula mutu msanga, monga amachitira,
kenaka adzati, o, ndiwe.

Batire yatsala madontho anayi.
Ndasunga ntchito, ndatseka.
Mumdima muno ndikumvabe
thanki ya a Njobvu ikudontha penapake
pamene sindinajambule bokosi.