Pulagi Yachitatu

Kuno ku Cienfuegos mphepo ya kunyanja imabwera ndi mchere m'kamwa,
imanyambita chitsulo usiku wonse,
m'mawa umapeza dzimbiri latsopano pachitseko
ngati chipere pamutu pa mwana.
Zaka zitatu ndalimbana nalo, Loweruka lililonse,
ndi sandipepala ndi burashi yawaya,
pansi pa malata awiri kuseri kwa nyumba yathu.

Ndi Chevrolet ya 1953,
yondiposa ine ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Bambo anga, a Eusebio, anaiyendetsa mpaka ng'ala itaphimba maso awo,
kenako inakhala pa njerwa, matayala ataphwa,
nkhuku za a Migdalia n'kumaikira mazira pampando wakumbuyo.

Sitolo ya zida zake kulibe.
Gasiketi ndinadula pa katoni ya nsapato, inadontha.
Ndinadulanso, inadonthanso.
Kachitatu ndinang'amba chikwama chachikopa cha malemu amayi, inagwira.
Kabuleta ndinagula kwa Yosvany wa ku Palmira,
komwe anaitenga sindinafunse.
Bawuti imodzi pansi pa injini inandikanira milungu iwiri,
ndinaithira palafini, ndinaiwotcha, ndinaitukwana,
sipanala inaterereka n'kunding'amba chala ichi.
Taonani, chikhadabo chinamera chokhota.

Pochotsa mpando wakutsogolo ndinatola ndolo imodzi, yobiriwira.
Amayi sanabooletsepo makutu.
Ndinaiponya m'chitini cha manati, pakamwa ndinatseka.

Tsiku lina mlendo wa chipewa choyera anaima pageti,
anajambula, anazungulira kawiri, anatchula madola
okwanira kufolera denga lonse n'kutsalako.
Mchimwene wanga Reinier anandikoka mkono:
Odalys, gulitsa, zimenezi ndi misala.
Ndinapukuta manja pa ovololo,
ndinalowanso pansi pa galimoto mpaka nsapato zawo zitachoka.

Lachiwiri lapitali, magetsi atazima dera lonse,
ndinalumikiza batire lobwereka kwa asodzi.
Bambo ndinawatulutsa ndi mpando wawo womwe,
ndinawakhazika pafupi ndi boneti.
Ndinapotokola kiyi.
Inatsokomola. Zii.
Ndinaponda petulo katatu, ndinapotokolanso.
Inatsokomola kawiri, inalavulira utsi wakuda pa zochapa za a Migdalia,
kenako inadzuka,
gugugu, gugugu,
thupi lonse likunjenjemera, zitini pashelefu zikuvina,
ana a mumsewu akukankhana pageti.

Misozi inali kale pamasaya, yosakanikirana ndi girizi.
Ndinayang'ana bambo, ndikudikira mawu amodzi okha.
Anapendeketsa mutu, khutu kulozetsa ku injini,
dzanja lawo lopyapyala lili pa madigadi
ngati namwino womvera kugunda kwa mtima.
Anamvetsera nthawi yaitali.
Pulagi yachitatu, anatero, siikuthetheka bwino.

Ndinazimitsa. Ndinamasula.
Inalidi yakuda bii, mwaye mpaka kumutu.

Ndipatse chitini chija, anatero, pakufunika wachala watsopano.
Ndinazengereza, koma ndinawapatsa.
Zala zawo zinalowa m'manati, zikusanthula, zikuyesa, zikutaya,
kenako zinaima.
Ndinaona zikuzungulira kanthu kamodzi pang'onopang'ono.
Sananene kalikonse.
Anakaika m'thumba la malaya, la kumanzere,
n'kupitiriza kufufuza mpaka atapeza wachala uja.
Uyu, anatero. Usamangitse kwambiri, ungathyole mazinga.

Kachiwiri inalira mosalala,
masilinda onse asanu ndi limodzi akulankhula chimodzi.
Bambo anangogwedeza mutu, napempha khofi.

Penti sindinayambe.
Mabuleki akumbuyo akudonthabe,
chitseko chakumanzere ndimamanga ndi chingwe cha telefoni,
hutala imalira ikafuna yokha.
Usiku uno mphepo yatembenukanso, ikuchokera kugombe,
ndikuimva ikulowa pansi pa malata, ikufunafuna chitsulo chamaliseche.
Ndachifunditsa nsalu ya pabedi langa.
Sandipepala watsala theka la pepala.
Loweruka silili kutali.