Zigamba za ku Berea

Chipinda chathu ndi mapazi khumi ndi anayi m'litali,
ndinayeza ndi phazi langa lomwe tsiku lofika.
Pakati pali katani. Uko ndi kwa Fatsileni,
kuno ndi kwanga, ine ndi makina opukusa ndi dzanja
amene alibe nazo kanthu magetsi akathima.

Tebulo ndi limodzi.
M'mawa ndi la tiyi, madzulo ndi la mbale,
limakhala langa anthu akagona,
ndikabwerako kokolopa maofesi ku Rosebank
zala zikununkhabe sopo wa eni ake.

Kunsi kwa bedi ndiye kuli chuma:
katoni ya zofiira,
katoni ya zobiriwira, yodzadza mpaka kung'ambika m'kona,
ndi jumbo ya zokana kusankhidwa mtundu.
Zina ndimatola ku Fordsburg Loweruka
kwa telala Yusufu, amene maso ake atopa.
Ndikamulowetsera ulusi m'masingano a sabata yonse
amandikokolera zotsala za masuti.
Zina n'zosiyidwa ndi obwerera kumudzi
sikelo ya basi ikakana katundu.
"Tasunga, ndidzatenga."
Sabwera.

Malaya a Malizani, abuluu, a dzina la kampani pathumba.
Thewera la mwana wa Esinati, amene pano akuti ali sitandade folo.
Chitenje cha msonkhano wina wakalekale,
ndinachidula mwakuti pankhope ya bwana wojambulidwapo
patsala khutu lokha.

Fatsileni akuti ndidzamupha.
Dzana anaponda phini, natukwana m'zilankhulo zitatu.
"Munthu wamkulu, kudula nsalu yabwinobwino
kuti uisokenso! Bulangete kusitolo ndi ndalama zingati?"
Sindiyankha. Pakamwa pali mapini.

Miyezi isanu ndi inayi ndikusoka chinthu
chimene sindinachionepo chonse.
Ndikatambasula mbali ino, inayo yakwera khoma.
Ndimachidziwa chigawochigawo
monga ndiudziwira mzinda uno:
msewu wa kuntchito, msewu wa kutchalitchi,
ndi ina yosadutsamo dzuwa likapendeka.

Ndiye Lamulungu lija, Meyi akutha, mphepo itayamba kuluma,
lifiti ili yakufa monga mwa masiku onse,
tinachinyamula awiri,
Fatsileni patsogolo, akudandaula pa sitepe iliyonse,
mpaka padenga poyanika zovala.
Tinasesa zitosi za nkhunda.
M'makona tinatsindira njerwa ziwiri, ndowa ya munthu wina,
ndi nsapato yanga yakumanzere.

Chinagona apo, chonse, pa simenti yozizira.
Kutali milu yotuwa ya m'migodi,
pansi matakisi akukangana ndi mahutala,
ine chiimire ndi phazi limodzi, ndikuona
zimene m'chipinda sizioneka:
kuti zofiira zonse zathawira ngodya imodzi
ngati zamva kuti apolisi akufunsa mapepala;
kuti mzere wa pakati unakhota
sabata ija tinkadalira kandulo;
kuti kachigamba ka Malizani ndinakasoka chadodolido,
dzina la kampani angaliwerenge bwino
ndi amene waima chakumpoto, mbali ya kwathu.

"Umasulanso?" anafunsa Fatsileni.
Ndinati ayi.

Anagwada, napeza khutu lija,
nalitsina, naseka mpaka kutsokomola.
Kenako anakhala chete, dzanja lili pa thewera.
Mphepo inatukula kona ya kunsapato, ndinaiponda.
Ndipo osandiyang'ana, ngati akufunsa nkhunda,
anati kodi siketi yake yachikasu,
ija inapsa ndi simbi tsiku la chinkhoswe chimene chinalephereka,
singapeze malo m'mphepetemo?

M'mphepete malo alipo, Fatsileni.
Kunsi kwa bedi ndiye kulibe.
Ubwere nayo usiku uno, mbale zikachoka patebulo,
ugwire uko, ine ndigwire sizasi.